Mmene ndinayendetsera Ferrari Roma ku Maranello

Mozungulira Museo Ferrari, nyumba yoonetseramo mbiri ya Ferrari ku Maranello, tauni yaing'ono kum'mwera kwa Modena ku Italy, muli makampani angapo obwereketsa magalimoto a Ferrari kwa kanthawi kochepa, mlangizi atakhala pambali panu. Ine ndinakwera sitima ku Bologna mpaka Modena, kenako basi. Pa kauntala anafuna laisensi yanga pamodzi ndi chiphaso choyendetsera galimoto m'mayiko ena, chifukwa laisensi ya kwathu payokha siikwanira ku Italy. Chimenechi konzerani musananyamuke. Pepala la inshuwalansi liwerengeni mpaka pansi, makamaka ndime yonena ndalama zomwe mudzalipire nokha mukakanda galimoto.

Anandipatsa mwayi wosankha: kuzungulira m'tauni, kapena ulendo wautali wokwera mapiri a ku Serramazzoni. Wa mapiriwo ndi wodula, koma ndi womwe ndinatenga, ndipo ndi womwe ndingakulangizeni. M'tauni malire a liwiro ndi makilomita 50 pa ola, ndipo pamenepo Roma simungaimve n'komwe.

Mukalowa, musathamangire kuliza injini. Chiwongolero chili kumanzere, msewu ndi wa kumanja, ndipo pafupifupi chilichonse chili pa chiwongolero pomwepo, ngakhale zolozera kokhota ndi timabatani todina ndi chala chachikulu. Mumaponda buleki, n'kukhudza malo olembedwa Engine Start. Pa Roma palibe batani lenileni. Pa Amalfi, yomwe inalowa m'malo mwake mu 2025, anabwezeretsa batani lofiira lolizira injini. Giya yoyamba imalowa mukakoka kachitsulo ka kuseri kwa chiwongolero kudzanja lamanja. Kutsogolo kwa maso anu kuli sikirini yopindika ya mainchesi 16.

Mlangizi anandiyikira manettino, kachopotokola kofiira ka pa chiwongolero kosankhira kayendedwe ka galimoto, pa Comfort. Kali ndi malo asanu: Wet, Comfort, Sport, Race ndi ESC Off. Potuluka m'tauni galimoto inkangoti myaa, magiya ake 8 akusinthana osamveka. Apa m'pamene ndinamvetsa chimene Flavio Manzoni, mkulu wa ojambula maonekedwe a magalimoto a Ferrari, ndi gulu lake ankafuna pomwe Roma inaonetsedwa mu 2019: galimoto yoti munthu ayende nayo tsiku lonse osathyoka msana, thupi lake losalala, lopanda mapiko oonekera. Phiko lakumbuyo limabisala m'munsi mwa galasi, n'kudzitukula lokha liwiro likakwera.

Titayamba chikweza anandilola kupotokolera ku Sport. Injini ya V8 ya malita 3.9, ya ma turbo awiri (zipangizo zopopera mpweya wambiri mu injini), imatulutsa mphamvu ya mahatchi 620, ndipo imachoka pa 0 kufika pa makilomita 100 pa ola m'masekondi 3.4. Ndinaponda theka chabe, msana n'kumatirira kumpando. Komabe chomwe chinandigwira mtima ndi pa makona. Injini inaikidwa kumbuyo kwa matayala akutsogolo, bokosi la magiya lili kumbuyo kwa galimoto, choncho kulemera kunagawanika bwino. Mukakhotetsa pang'ono, mphuno yaitali ija imamvera nthawi yomweyo, ngati njinga yopanda katundu. Mabuleki ake a kaboni ndi seramiki amafuna phazi lodekha. Yambani kuwazolowera pa msewu woongoka musanafike pa kona yoyamba.

Mipando iwiri yakumbuyo ilipo, koma ndi ya ana aang'ono kapena chikwama. Pobweza galimoto tinaizungulira limodzi ndi mlangizi, kuyang'ana malimu ndi pansi pa bampala yakutsogolo, kenako ndinasaina kuti yabwerera yabwinobwino.