Mitengo inayi kunja kwa mpanda wanga ku Lilongwe

Pakati pa mpanda wa nyumba yathu ndi ngalande ya msewu pali kamalo kotalika mamita 20, m'lifupi mwake mamita asanu. Zaka zonse zimene takhala pano ndakhala ndikusesapo m'mawa uliwonse, choncho mumtima ndinkati ndi panga. Mu Okutobala 2022, dzuwa litafika poswa mtengo, ndinkaona ana ochokera kusukulu atapanikizana m'kamthunzi ka khoma lathu, kopyapyala ngati lamba. Zinandikhudza. Ndinaganiza zodzalapo bulugamu poti sachedwa kukula, ndipo mbande ndinali nditauza kale mnyamata wina wa nazale kuti andisungire.

Tsiku limene ndinatuluka ndi khasu, aneba athu, bambo achikulire amene adagwirapo ntchito yoyeza malo, anaima pageti pawo n'kundifunsa kuti, "Mayi, mwapempha?" Ndinayankha kuti ndipemphe kwa yani poti ndi pakhomo panga. Sanatsutsane nane. Ananditengera pangodya ya mpanda, anafukula dothi pang'ono ndi ndodo yawo mpaka bikoni, chizindikiro cha malire a poloti, inaoneka. "Poloti yanu yathera apa. Kuchokera apa kukafika kutsidya uko ndi malo a msewu. Safunsa adadya phula, mayi."

Anandifotokozera kuti malo a msewu sathera pamene pathera phula kapena pamene pamadutsa matayala. M'mbali monsemo amasiyiramo ngalande, mapaipi a madzi, mapolo a magetsi, njira ya oyenda pansi, komanso malo odzakulitsira msewuwo. Misewu ikuluikulu ngati M1 imayang'aniridwa ndi Roads Authority, pamene timisewu ta m'malokeshoni ngati kathu tili m'manja mwa khonsolo ya mzinda. Ndiye kumene ndinayenera kugogoda ndi kukhonsolo.

Ndinayambira kwa amfumu a m'dera lathu, chifukwa chinthu chochitika panjira ya anthu onse sichiyenera kuwadzidzimutsa. Iwo ananditumiza kwa akhansala, ndipo akhansala anati ndilembe kalata yopita kwa mkulu wa khonsolo, ndikaipereke ku nthambi yoona za mapaki ndi zachilengedwe. M'kalatamo ndinalemba dzina langa, nambala ya poloti, dzina la dera, kuchuluka kwa mitengo ndi mtundu wake, ndiponso lonjezo loti ndidzaisamalira ndekha. Kuseri ndinajambula kamapu ndi cholembera: geti, ngalande, polo ya magetsi, mphambano. Ndinapanga makope awiri, ina anaidinda chidindo n'kundibwezera. Musamachoke paofesi iliyonse opanda kope yodindidwa. Pobwera kudzafunsa, ndi imene imakuyankhulirani.

Gawo limene ndinaphunzirapo zambiri ndi tsiku limene mlangizi wa kukhonsolo anabwera kudzaona malowo. Asanayang'ane n'komwe zikhomo zimene ndinakhoma posonyeza podzala mitengo, anayang'ana kumwamba. Mawaya a ESCOM amadutsa pamwamba pa theka la kamaloko, chinthu chimene ine ndinkachiona tsiku ndi tsiku koma osachiganizira. Kenaka anafunsa pamene pali mita ya madzi, n'kulondola ndi phazi mzere umene paipi imayenda kuchokera kumsewu. Zikhomo zanga ziwiri zinali pamwamba penipeni pa paipiyo. Chachitatu chinali pafupi kwambiri ndi mphambano. Anandiimika pamenepo n'kunena kuti, "Mayi, tayerekezani kuti ndinu dalaivala kapena wakabaza mukufuna kulowa mumsewu. Mtengo ukakula apa, mwana wothamanga kuchokera uko mudzamuona?" Ndinazula chikhomocho ndekha.

Bulugamu anamukana osazengereza, ndipo zifukwa zake ndinazimva. Amatalika kupitirira mawaya, amamwa madzi ambiri, ndipo nthambi zake zimathyoka ndi mphepo. Malaina, kachere ndi mkuyu anati mizu yake imayenda pamwamba, imang'amba khoma ndi kutukula ngalande. Nditatchula mango anamwetulira, nati mtengowo ulibe vuto koma pamsewu umaitana miyala: ana amagenda, miyala imagwera pagalimoto ndi pamitu ya anthu, ena amakwera n'kugwera m'ngalande. Mango anati ndidzale mkati mwa mpanda. Pamapeto tinagwirizana mitengo inayi m'malo mwa isanu ndi umodzi. Kumbali yopanda mawaya, kumene malo ndi otakasuka, mibawa iwiri yotalikirana mamita 10, chifukwa mbawa ukakhwima umapitirira mamita 30 ndipo nthambi zimatambalala. Kumbali ya mawaya, zitimbe ziwiri, poti chitimbe sichitalika kwambiri ndipo chimapirira chilala.

Chilolezo chitatuluka ndinachiwerenga kawiri. Mfundo imene inandivuta kumeza ndi yoti mtengo wodzalidwa pamalo a msewu si wanga, ngakhale mbande ndagula ndi ndalama zanga. Sindingaudule popanda chilolezo china, ndipo nthambi zikayandikira mawaya sindiyenera kukwerapo ndi chikwanje, koma kuitana a magetsi. Ndipo tsiku lina msewu ukadzafuna kukulitsidwa, mtengowo ukhoza kuchotsedwa. Apa ndinakumbukira mitengo ikuluikulu imene inagwa mu 2021 pokulitsa msewu wa Kenyatta, ndi m'mene anthu ambiri mumzinda muno anadandaulira. Ndinafunsa aneba aja ngati pali phindu kudzala chinthu choti ena adzadula. Iwo anati mzinda uno, pokhala likulu mu 1975, anaukonza kuti ukhale wa mitengo ndi malo obiriwira, ndipo mthunzi umene iwo akhala akuyendamo zaka zonsezi sadziwa anaudzala ndani. Ndinasaina.

Maenje ndinakumba mu Novembala: masentimita 60 m'litali, 60 m'lifupi, 60 kuya. Dothi lapamwamba ndinaika mbali ina, lapansi mbali ina. Pokwirira ndinayamba ndi lapamwamba losakaniza ndi manyowa owolerana bwino. Manyowa aawisi amawotcha mizu komanso amaitana chiswe. Sindinadzale ndi mvula yoyamba, chifukwa imanyenga. Ndinadikira mpaka nthaka itanyowa mokwanira, chapakati pa Disembala, pamenenso nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba, ija ya pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo. Ndinadzala madzulo, ndikung'amba chubu mosamala kuti dothi la mizu lisamwazike, n'kupondaponda m'mbali ndi kusiya kambale kosunga madzi.

Kudzala n'kosavuta. Pamwambo wodzala mitengo anthu amajambulitsa atagwira khasu, koma pofika Seputembala pamaenje ambiri mumangopeza kamtengo kouma. Mtengo wa pamsewu uli ndi adani amene wa m'munda sauona: mbuzi zongoyendayenda, njinga zotsamiritsa, galimoto yokhota pamalo olakwika, mwana wofuna kamtyapulo. Mitengo yanga ndinaimangira timipanda ta nsungwi tofika m'chiuno, ndipo kunja ndinayalako minga ya mthethe. Patsinde ndinaphimbira ndi udzu wouma, kusiya mpata pang'ono kuti usakhudze khungwa, ndi kuwaza phulusa pofuna kuchepetsa chiswe. Mvula itasiya, mtengo uliwonse unkalandira ndowa imodzi kawiri pa sabata, m'mamawa. Madzi a pampopi ndi ndalama, ndiye ndinkasunga otsukira masamba ndi mpunga, osati a sopo.

Komabe chitimbe chimodzi ndinataya. Mu Ogasiti 2023 munthu wina anasesera zinyalala m'ngalande n'kuziyatsa madzulo, mphepo inakankhira moto paudzu wophimbira uja, ndipo m'mawa ndinapeza nsungwi zapsa, kamtengo kada bii. Ndinakhala pansi pomwepo kwa kanthawi. Kuyambira pamenepo, miyezi ya mphepo ndimalambula mita imodzi kuzungulira kampanda kalikonse, ndipo ndinapempha amfumu kuti pamsonkhano wa m'dera akumbutse anthu za kuotcha zinyalala m'ngalande. Ndinakauzanso mlangizi uja, ndipo anati popeza mtundu ndi malo sizikusintha, ndingopakiza mvula ikagwa. Ndinapakiza mu Januwale 2024.

Kutengulira ndinaphunzira mochedwerapo. Mbawa ukasiyidwa umatha kuchita mphanda m'munsi, ndipo nthambi zotsika zimakola anthu kumaso. Chaka ndi chaka, m'chilimwe, ndimachotsa nthambi imodzi kapena ziwiri zam'munsi ndi kasowo kakuthwa, kudula pafupi ndi thunthu osasenda khungwa, kuti mtengo ukwere ndi mutu umodzi ndipo munthu wosenza ndowa adutse pansi osawerama.

Pano mibawa ija yapitirira mpanda. Mthunzi wake ukadali waung'ono, wokwana anthu atatu kapena anayi, koma mayi wina wayamba kuyalapo tomato masana, ndipo tinapangana kuti asamakhome msomali pathunthu popachika matumba. Mwezi wathawu anthu a nyumba yachitatu kuchokera kwathu anabwera kudzabwereka kope ya kalata yanga ija. Ndinawapatsa, kenaka tinatuluka limodzi kukafufuza bikoni yawo ndi kuona pamene mawaya akudutsa.