Makaseti a Led Zeppelin m'galaja yathu ku Wolverhampton

Bizinesi yathu inayambira pa kaseti ya kwaya. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu kuno ku Wolverhampton anabwera nayo atayikulunga mumpango, nati m'menemo muli nyimbo zomwe anaimba ndi anzake ku Zomba asanakwatiwe, koma wailesi yoimbira makaseti sakuionanso paliponse. Ine ndinali ndi chimakina chakale chomwe ndinatola pa kaunjika wa azungu, uja amagulitsira katundu kumbuyo kwa galimoto Lamlungu m'mawa. Ndinachilumikiza ku kompyuta n'kumuikira nyimbozo pa foni. Sabata yotsatira anabwera ndi anzake awiri, kenako kunayamba kufika matepi a vidiyo a zinkhoswe, maukwati, ngakhale maulaliki a abusa omwe anatisiya kalekale.

Mayi a kunyumba ndi amene anandidzutsa kutulo. "Bambo, magetsi akulipira ndani? Ikani mtengo." Tinasesa galaja, tinaika tebulo ndi mashelufu, tinalengeza pa Facebook, ndipo kapepala kena tinakamata pawindo la sitolo ya pakona. Kapepala kameneko ndi komwe kanatibweretsera azungu.

Woyamba anali mdala wina wopuma pantchito, wa tsitsi la imvi lofika m'mapewa. Anatsitsa makatoni atatu a nsapato odzaza makaseti. Nditatulutsa imodzi ndinadabwa kuti panalibe dzina la chimbale kapena la nyimbo. Panangolembedwa ndi bolopeni malo ndi tsiku: Osaka 29.9.71, Cleveland 27.4.77, LA 21.6.77. Ndinamufunsa ngati ndi misonkhano ya kuntchito. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati zonsezo ndi Led Zeppelin, zojambulidwa mwakabisira anthuwo akuimba pasiteji. Azungu amazitcha bootleg.

Kunena zoona, dzinalo ndinkangolimvera patali. Ine ndinakulira rege, rumba ndi nyimbo za pa MBC. Koma dera lino gululi amalitenga ngati ana a pakhomo. Robert Plant, woimba wawo, anabadwira ku West Bromwich, pafupi pomwepa, ndipo mpaka lero amapezeka ku bwalo la mpira la Molineux kukachemerera timu ya kuno ya Wolves. John Bonham wa ng'oma anali wa ku Redditch. Awiriwa anakumana ndi Jimmy Page wa gitala ndi John Paul Jones wa bezi mu 1968, ndipo gululo linatha mu 1980 Bonham atamwalira mu September chaka chomwecho.

Usiku umenewo ndinaika kaseti yoyamba, mahedifoni kumutu. Zomwe ndinamva zinandigwetsa ulesi. Ng'oma zikumveka ngati zili m'nyumba ya aneba, wina akuimba likhweru pafupi ndi maikolofoni, nyimbo ikudukira pakati. Ndinauza mayi a kunyumba kuti mzunguyu akutaya ndalama. Kwathu tinkagula kaseti yodabinga chifukwa yeniyeni inali yodula, basi. Koma mdala uyu zimbale zonse zovomerezeka anali nazo kale, zina kawirikawiri. Nanga ankafuna chiyani m'phokoso limeneli, nyimbo zake n'zomwezomwezo makaseti makumi atatu?

Yankho ndinalipeza ndekha, chifukwa ntchito yathu siyothamanga. Kaseti ya mphindi 90 imafuna mphindi 90, ndipo sungachoke, kuopa kuti makina angatafune tepi. Choncho ndinamvetsera zonse, mwezi wathunthu. Pofika sabata yachiwiri ndinazindikira kuti anthu awa sankaimba nyimbo mofanana kawiri. Pali ina yotchedwa Dazed and Confused yomwe pa chimbale chawo choyamba cha 1969 imatha mphindi zisanu ndi imodzi ndi theka. Pa makaseti a 1975 imapitirira theka la ola. Page amasiya kukhwatcha gitala ndi zala n'kutenga uta woimbira vayolini, Plant amamuyankha ndi mawu, Bonham ndi Jones akusintha liwiro osauzana. Usiku wina zimagwirana mpaka tsitsi kuima. Usiku wina zimabalalika, umachita kumva kuti wina wasochera ndipo anzake akumudikira pamphambano. Kumayambiriro kwa 1975 Page anali atavulala chala pa chitseko cha sitima, Plant ali ndi chimfine, ndipo zonsezo zikumveka. Okonda zinthuzi amakangana za masiku amenewa ngati mmene timakanganira za magemu akale a Bullets ndi Wanderers.

Chinanso n'chakuti gululi lili moyo linatulutsa chimbale chimodzi chokha cha pasiteji, The Song Remains the Same cha 1976. Chimenecho anachisoka kuchokera ku mausiku atatu a m'holo ya Madison Square Garden ku New York mu July 1973, kutenga chabwino apa ndi apo. Ngakhale How the West Was Won cha 2003 ndi mausiku awiri a June 1972, wa ku Los Angeles ndi wa ku Long Beach, osakanizidwa mwaluso. N'zokoma kumva, sindikana. Koma munthu wofuna usiku umodzi mmene unalili, kuyambira pomwe magetsi anazima mpaka pomwe anthu anayamba kutuluka, alibe kwina kopita koma ku makaseti a m'katoni ya nsapato.

Ojambulawo ankaika moyo pachiswe. Manijala wa gululi, Peter Grant, anali chimunthu chachikulu chomwe kale chinkachita masewera ogwetsana, ndipo ankadana ndi ma bootleg koopsa. Ankalowa yekha m'masitolo a zimbale ku London n'kulanda zomwe wapeza. Komabe anthu sanasiye. Chimodzi mwa zimbale zoyamba zamtunduwu, Live on Blueberry Hill, chinajambulidwa m'holo ya Forum ku Los Angeles pa 4 September 1970. Katswiri pa onse anali Mike Millard. Iyeyu ankalowa m'holo atakhala panjinga ya anthu aulumali ngakhale ankayenda bwinobwino, makina a Nakamichi 550 atawabisa pampando, timaikolofoni tili m'chipewa. Kaseti ija ya LA 21.6.77 ndi ntchito yake, ndipo imadziwika kuti Listen to This Eddie. Nditaimva ndinasiya kunyoza. Ng'oma za Bonham pa nyimbo yotsegulira zimachita kukugunda pachifuwa. Page mwiniwake anatengako kachigawo n'kukaika pa DVD yovomerezeka ya gululi mu 2003. Millard sankagulitsa zojambula zake, ankangosinthana ndi anzake, ndipo anamwalira mu 1994 asanaone zimenezo.

Tsopano ndinene pomwe ndinapalamula.

Pansi pa katoni yachitatu panali makaseti atatu omangidwa pamodzi ndi labala, olembedwa Earls Court 24.5.75. Led Zeppelin inaimba m'holo imeneyo ku London mausiku asanu mu May 1975, usiku uliwonse kupitirira maola atatu. Makaseti amenewa sanali okopera kwa munthu ayi. Anali enieni, omwe analowa m'holomo m'thumba la jekete. Mdalayo anangonena kuti ndiwasamale, osafotokoza zambiri.

Anali oipa kuposa onse. Kathonje kaja kamakankhira tepi kumutu wa makina kanali katagwa pa imodzi, ndinachita kumata kena. Ina inali yothina, ndinayamba ndaizungulitsa ndi bolopeni ngati tili ku sekondale. Ndinapukuta mutu wa makina ndi sipiriti, ndinatembenuza kasikuluwu kake pang'onopang'ono mpaka mawu anayera. Kumapeto kwa kaseti yachitatu nyimbo zinkathamanga, mawu a Plant n'kumveka ngati a kamwana. Zimenezi zimachitika mabatire akamatha pojambula: makina amayenda pang'onopang'ono, ndiye ukaimba tepiyo pa liwiro loyenera zonse zimakwera. Ndinazibweza potsatira kamvekedwe ka gitala. Mpaka apa ndinali ndikuchita bwino.

Kenako mtima wofuna kuonetsa luso unandilowa. Ndinali nditangogula pulogalamu yochotsera phokoso, ndipo ndinati mdalayu ndimudabwitse. Ndinachotsa kaphokoso konse ka sss. Pamene gululo linakhala pamipando n'kuyamba kuimba ndi magitala opanda magetsi, panali anthu awiri pafupi ndi maikolofoni omwe ankangonong'onezana. Ndinatha mausiku awiri ndikuwafufuta mawu amodziamodzi. Pomwe tepi inathera pakati pa nyimbo, wojambula akutembenuza kaseti, ndinalumikiza bwinobwino kuti mpata usamveke.

Atabwera ndinamukhazika pampando wanga, ndinamuveka mahedifoni, ine n'kuima pambali ndikudikira kuyamikiridwa. Anamvetsera kanthawi akugwedeza mutu. Kenako anapempha kuti ndipititse pa nyimbo zofatsa zija. Anamvetsera, anabwezanso, anamvetseranso. Nkhope inagwa. Anavula mahedifoni n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Mng'ono wanga ali kuti?"

Ndinangoti kakasi. Anthu awiri onong'onezana aja anali iyeyo ndi mng'ono wake, yemwe ananyamula makinawo tsiku limenelo, ndipo anamwalira zaka zambiri zapitazo. Banja lawo linalibe vidiyo yake kapena china chilichonse chosunga mawu ake. Analipo pa tepi imeneyi pokha, akuuza mkulu wake kuti achotse chigongono pa maikolofoni, kenako akutukwana chapansipansi poona kuti kaseti yatha nyimbo ili pakati.

Mwayi wanga unali umodzi: fayilo yoyamba, yosakhudzidwa, ndinali ndisanaifufute. Manja akunjenjemera ndinaitsegula. Kaphokoso ka sss kanabwerera, likhweru linabwerera, ndipo patapita mphindi pang'ono kamawu ka mnyamata kanamveka kumanzere. Mdalayo anatseka maso. Mayi a kunyumba, omwe anali atabwera ndi tiyi, anangoika kapu patebulo n'kutuluka mwakachetechete. Tsiku limenelo sindinalandire ndalama ya makaseti atatuwo, ngakhale anaumirira.

Kuchokera pamenepo aliyense timamupatsa mafayilo awiri. Yoyamba ndi tepi mmene ilili, sitichotsapo kanthu. Yachiwiri timakonza liwiro ndi kukweza mawu, koma phokoso la anthu sitiligwira pokhapokha mwini wake atanena. Ndipo ndimayamba ndafunsa: kasetiyi anajambula ndani, inu munali pati? Funso limeneli ndimafunsanso a kwathu tsopano. Pa kaseti ya kwaya, mwana amene akulira kumbuyo uja mwina ndi yemwe wabweretsa kasetiyo.

Mdala uja anauza anzake, ndipo anthu amenewa amadziwana ngati a mpingo umodzi. Lero gawo lalikulu la ntchito yathu ndi la iwowa: Led Zeppelin, Black Sabbath ya ku Birmingham konkuno, Deep Purple. Amafunsa zinthu zomwe poyamba sindinkazimvetsa, monga kuti kasetiyi ndi m'badwo wachingati, kutanthauza kuti yakoperedwa kangati kuchokera pa yoyamba, poti kukopera kulikonse kumaonjezera phokoso n'kudya mawu. Amasiyanitsa zojambulidwa pakati pa anthu ndi zotengedwa pa makina a injiniya wa gululo, ngati ya ku Cleveland ija. Zachiwirizi zimamveka bwino koma ambiri amati n'zouma, holo simveka. Ine ndinayamba kugwirizana nawo, zomwe mayi a kunyumba amati ndi chizindikiro choti matendawa andigwira.

Si onse amabwera ndi mtima wosunga. Bambo wina anafuna kuti ndimupangire ma CD makumi asanu a konsati imodzi, ndi zikuto zomwe, kuti akagulitse pa msika wa zimbale. Ndalama yake inali yokopa, ndipo mwezi umenewo lamba wa makina anali ataduka, lendi ikudikira. Ndinakana. Kuno kugulitsa zoterezi ndi mlandu, ndipo Jimmy Page anakaonekerapo yekha kukhoti ku Glasgow mu 2007 kukachitira umboni pa mlandu wa munthu wogulitsa ma bootleg. Komanso ndinakumbukira oimba a kwathu omwe nyimbo zawo zinkadabingidwa m'misika iwo akuyenda wapansi. Ife timasamutsa tepi ya munthu n'kumubwezera yekha, sitigulitsa nyimbo, ndipo mafayilo timafufuta mwini wake akatsimikiza kuti afika bwino.

Mdala wa Earls Court amabwerabe, ngakhale makaseti ake anatha kalekale. Amakhala pampando wa pakona, amamwa tiyi, ndipo anaphunzira kudya mandasi. Mwezi watha anapeza ndikusamutsa kaseti ya chinkhoswe cha ku Ntcheu cha m'ma 1990, yojambulidwa ndi wailesi ya mabatire. Anapempha mahedifoni. Chichewa sadziwa ngakhale liwu limodzi, koma anamvetsera mbali yonse, nthungululu ndi zonse. Atavula anandiuza kuti mabatire ayamba kutha chakumapeto, ndibweze liwiro pang'ono, koma mayi amene akuseka pafupi ndi maikolofoni uja ndisamukhudze.