24 December ku Nagoya: tsiku la nkhuku yokazinga

Lero kwacha kozizira koopsa. Mphepo yochokera ku phiri la Ibuki ikayamba kuomba mu Nagoya muno, mzinda wa ku Japan, ngakhale uvale majuzi awiri imakulowabe m'mafupa. Kuno Khisimasi si tchuthi, ndiye sitima za m'mawa zinali zodzaza ndi anthu a masuti akuda opita kuntchito monga mwa masiku onse. Inenso ndinakhala mu labu mpaka dzuwa litapendeka.

Mnzanga amene timachita naye kafukufuku anandiitanira kwawo chakudya chamadzulo. Poti iye amaweruka mochedwa, anandipatsa kapepala n'kunena kuti, "Ukatitengereko nkhuku ku KFC. Nthawi yalembedwa pamenepo, usachedwe." Nkhukuyo anaitanitsa kale mu November, chifukwa kuno ukadikira tsiku lenileni ukhoza kuima pamzere maola angapo.

Nditafika cha m'ma 5 koloko ndinapeza mizere iwiri, wa oitanitsiratu ndi wa ongobwera, ndipo wachiwiriwu unali utakhota mpaka kuseri kwa nyumba. Pakhomo panali chiboliboli cha Colonel Sanders, mkulu wa ndevu zoyera uja amene anayambitsa KFC, atamuveka zofiira za Father Christmas. Anthu anali duu, opanda kukankhana, aliyense manja m'thumba. Atsikana awiri ogwira ntchito anaika tebulo panja pa mphepo n'kumapereka zidebe zapepala kwa aliyense wosonyeza kapepala. Zala za mmodzi zinali zitafiira ndi chisanu, komabe ankawerama ndi kuthokoza munthu aliyense payekhapayekha. Anandimvetsa chisoni mtsikana ameneyu. Ife tikupita kukadya motentha, iye aima pamenepo mpaka usiku.

Pobwerera ndinaona kuti si KFC yokha. Timasitolo ta maola 24 tija, Lawson, FamilyMart ndi 7-Eleven, tonse tinali titatulutsa matebulo a nkhuku ndi makeke pakhomo. Msewu wonse unkangonunkhira mafuta.

Kwa mnzanga ndinalandiridwa ndi mayi ake okalamba, mkazi wake ndi ana awiri. Ana aja atangoona chidebe anayamba kudumpha. Titatsegula, munali nkhuku, saladi, keke ndi mbale yojambulidwa yolembedwa chaka chino. Agogo ananyamuka pang'onopang'ono n'kutsegula kabati, ndipo anandionetsa mulu wa mbale zoterezi za zaka zam'mbuyo, iliyonse yokutidwa ndi nyuzipepala. Anatulutsa imodzi yong'aluka m'mphepete n'kundiuza kuti imeneyi ndi ya chaka chimene malemu amuna awo anadya nawo komaliza. Anaipukuta ndi kansalu, n'kuibwezera pamwamba pa zinzake.

Iwowa ndi amene anandifotokozera kuti ali mtsikana kunalibe zimenezi. KFC inatsegula sitolo yake yoyamba ya m'dziko muno kuno komwe ku Nagoya mu 1970, ndipo woyang'anira wake anali Takeshi Okawara, amene pambuyo pake anadzakhala mkulu wa kampaniyo m'Japan monse. Nkhani imene imakambidwa kawirikawiri ndi yakuti azungu okhala kuno ankasowa nkhukundembo ya Khisimasi, ndiye ankagula nkhuku yokazinga m'malo mwake. Mu 1974 kampaniyo inayamba kulengeza malonda m'dziko lonse kuti Khisimasi ndi nkhuku ya Kentucky, kutanthauza ya KFC. Zinagwira msanga, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kuona. Akhristu kuno ndi pafupifupi munthu mmodzi pa 100 alionse, choncho panalibe chakudya cha makolo cha tsikuli choti chipikisane nacho. Komanso makhitchini ambiri alibe uvuni waukulu woti n'kuwotchamo mbalame yathunthu.

Ena amanyoza mwambo umenewu kuti ndi nzeru za amalonda basi. N'zoona kuti anauyambitsa ndi ofuna ndalama, ndipo ndalamazo akuzipezadi, poti masiku amenewa ndiwo amagulitsa kwambiri pa chaka chonse. Koma munthu amene waona agogo aja akupukuta mbale ija sanganene kuti nkhaniyo imathera pa ndalama. Zaka zoposa 50 zapitapo. Ana amene anadya chidebe choyamba lero ali ndi zidzukulu, ndipo banjali limadziwa kuti pa 24 December bambo ayesetsa kufika kunyumba ana asanagone, chinthu chosachitika kawirikawiri m'dziko la anthu ogwira ntchito mpaka usiku. Ifenso kwathu mpunga ndi nkhuku za pa Khisimasi sizinalembedwe m'Baibulo, koma mwana amaziyembekezera chaka chonse.

Chimene chinandisowa patebulo paja ndi dzina la mwini tsikuli. Palibe anamutchula, ndipo sindikuwaimba mlandu, si chikhulupiriro chawo. Choncho titadya keke, ya kirimu woyera ndi masitiroberi pamwamba, ndinatsazika n'kuthamangira misa ya usiku ku tchalitchi chachikulu cha Nunoike. Munali anthu a ku Philippines, a ku Vietnam, a ku Brazil ndi eni dziko. Nyimbo zinali zachifatse, popanda ng'oma kapena nthungululu, koma titayamba kuimba za Mwana wobadwa ku Betelehemu, aliyense m'chinenero chake, mtima wanga unakhala pansi.

Nditafika kuchipinda ndinaimbira amayi. Kuno tili patsogolo ndi maola 7, ndiye kumudzi kunali kusanade. Anati mvula yagwa bwino, chimanga chafika m'mawondo, ndipo tambala wa mawa amumanga kale mwendo kuseri kwa khitchini. Nditawauza kuti ndadya nkhuku yogula yophikaphika, anafunsa kuti, "Nanga msuzi wake, mwanawe?" Ndinawauza kuti ilibe msuzi. Anakhala chete pang'ono, kenako anati ndikadzabwera adzandiphera yanga ndekha.

Mawa ndili ndi kalasi m'mawa. Mnzanga wandichenjeza kuti pofika pa 26 mitengo ya Khisimasi idzakhala itachotsedwa m'masitolo, n'kuikamo zokongoletsa za nsungwi ndi paini za Chaka Chatsopano, chomwe ndicho chikondwerero chachikulu kuno. Agogo andiitananso pa 31 December kuti ndikadye nawo soba, chakudya chonga supageti, ndipo akuti tidzapita limodzi kukamva belu la kukachisi likulira ka 108.