Wovulala m'mutu akagonekedwa: zimene kafukufuku anakana ndi zimene zinatsala

Kwa zaka zambiri, munthu akafika kuchipatala atavulala kwambiri m'mutu, madokotala ankamuika diripi ya ma steroid. Ganizo lake linali lomveka. Mankhwalawa amaphwetsa kutupa kozungulira chotupa cha muubongo, ndiye anthu ankati aphwetsanso kutupa kobwera ndi ngozi. Amene analiyesa mokwanira ganizoli ndi kafukufuku wotchedwa CRASH, wotsogoleredwa ndi Ian Roberts wa ku London School of Hygiene and Tropical Medicine. Odwala 10,008 a m'maiko 49 anagawidwa mwa maere. Ena analandira methylprednisolone kwa maola 48, ena diripi yooneka chimodzimodzi koma yopanda mankhwala. Pomatha masabata awiri, 21.1 peresenti ya olandira steroid anali atamwalira, pomwe gulu linalo linataya 17.9 peresenti. Cholinga chinali kufika odwala 20,000, koma mu 2004 kafukufukuyu anaimitsidwa panjira chifukwa mankhwalawo ankaonjezera imfa.

Kusiyana kwa anthu atatu pa 100 alionse, palibe dokotala angakuone ndi maso m'wodi mwake. Wovulala m'mutu akamwalira, aliyense amati ngoziyo inali yaikulu, diripi saiganizira n'komwe. N'chifukwa chake kafukufuku wa mtunduwu amafuna anthu masauzande ndi maere osakondera.

Ubongo umavulala kawiri. Koyamba ndi pamsewu pomwepo, mutu ukamenya phula, ndipo zimenezo zilibe mankhwala. Kachiwiri ndi m'maola ndi masiku otsatira, ubongo ukamatupa kapena kusowa magazi ndi okosijeni, ndipo apa ndi pamene chipatala chili ndi mbali. Chibade cha munthu wamkulu sichifutukuka. M'kati mwake muli ubongo, magazi ndi madzi a muubongo, ndiye chimodzi chikachuluka mphamvu yofinya ya m'chibade, imene m'wodi amangoti ICP, imakwera. Kuti mudziwe mphamvu imene yatsala yokankhira magazi muubongo, mumatenga BP yapakatikati n'kuchotsapo ICP. Ngati BP yapakatikati ili 80 ndipo ICP ili 25, yotsala ndi 55, pomwe malangizo a 2016 a bungwe la ku America la Brain Trauma Foundation amafuna 60 mpaka 70. Malangizo omwewo amati ICP ikapitirira 22 mmHg ichitiridwe kanthu.

Polowa m'kafukufuku, wodwala amapimidwa ndi sikelo yoyezera kutsitsimuka kwake, Glasgow Coma Scale (GCS), imene Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anaitulutsa mu 1974: kutsegula maso mpaka 4, kuyankhula mpaka 5, kusuntha mpaka 6. Wapeza 8 kapena kucheperapo ndiye wovulala kwambiri. Munthu wotere sangasaine fomu yovomera, ndipo nthawi zambiri achibale amakhala asanafike, choncho makomiti oona za ufulu wa odwala amatha kulola kuti alowetsedwe kaye, chilolezo chipemphedwe pambuyo. Chigamulo chenicheni chimabwera pakatha miyezi isanu ndi umodzi, pa sikelo ya GOSE yoyambira 1, amene ndi womwalira, kukafika 8, amene wabwerera mwakale. Funso limakhala lakuti munthuyu akudzisamba yekha kodi, angakwere minibasi yekha kodi, wabwerera kuntchito kodi.

Pa sikelo imeneyi ndi pamene njira zambiri zooneka zanzeru zagwera. Kuziziritsa thupi kumatsitsadi ICP. Koma m'kafukufuku wa Eurotherm3235, odwala 387 anagawidwa pawiri, ena n'kuziziritsidwa thupi kufika madigiri 32 mpaka 35, ndipo oziziritsidwawo ndi amene anachira moipa, moti kafukufukuyo anaimitsidwa. POLAR ya 2018 inayesa kuziziritsa msangamsanga pa odwala 511: ochira bwino anali 48.8 peresenti mbali ina, 49.1 mbali inayo. Homoni ya progesterone, imene inateteza ubongo wa makoswe m'labu, inalephera mu 2014 m'kafukufuku awiri akuluakulu, ProTECT III ndi SyNAPSe. Makoswe onse amavulazidwa mofanana ndi kupatsidwa mankhwala pa nthawi yake, pomwe anthu a GCS 6 awiri akhoza kukhala ndi mabala osiyana kotheratu m'mutu.

Nkhani yovuta koposa ndi ya opaleshoni yochotsa mbali ya chibade kuti ubongo upeze potupira. Mu DECRA ya 2011 munali odwala 155, ndipo opaleshoni inkachitika msanga, ICP ikangopitirira 20 kwa mphindi 15 m'kati mwa ola limodzi. ICP inatsika, masiku a ku ICU anachepa, koma otsala ndi ulumali waukulu kapena kumwalira anali 70 peresenti, poyerekeza ndi 51 mwa amene anangolandira mankhwala. Otsutsa amakumbutsa kuti maere anagwa mokhota pang'ono: gulu la opaleshoni linali ndi odwala ambiri amene ana a maso awo onse awiri sankayankha kuwala. RESCUEicp ya 2016, yotsogoleredwa ndi Peter Hutchinson wa ku Cambridge, inadikira mpaka ICP itakhala pamwamba pa 25 kwa ola limodzi kapena kuposa, njira zina zonse zitakanika. Mwa odwala 408, imfa zinali 26.9 peresenti kwa ochitidwa opaleshoni ndi 48.9 kwa enawo. Koma otsala ali chigonere, osazindikira kanthu, anali 8.5 peresenti poyerekeza ndi 2.1, ndipo odalira ena pa chilichonse anachulukanso. Dokotala amene akupempha achibale kuti asaine ayenera kunena manambala onse awiriwo. Kungoti "opaleshoni imupulumutsa" n'kuwabisira theka la nkhani, makamaka banja limene lidzamusamale lokha kunyumba. Fupa lochotsedwalo lidzafunanso opaleshoni ina yotseka.

Izi zisasokonezedwe ndi kuchotsa magazi oundana. Magazi a pakati pa chibade ndi chikuto cha ubongo akaposa 30 ml amachotsedwa ngakhale wodwala akuyankhula bwinobwino, chifukwa otere ndi amene amacheza ndi gadiyani madzulo n'kupezeka atakomoka usiku. A pansi pa chikutocho amachotsedwa akakhuthala kuposa 10 mm, kapena akakankha ubongo kuchoka pakati kuposa 5 mm.

Zimene zinapirira mayeso ndi zotchipa. CRASH-3 ya 2019 inatenga odwala 12,737 m'zipatala 175 za m'maiko 29 n'kuyesa tranexamic acid, mankhwala omwe aja a amayi otaya magazi pobereka. Mlingo wake ndi 1 g mumtsempha kwa mphindi 10, kenaka 1 g ina m'diripi kwa maola 8, kuyamba asanathe maola atatu chivulalireni. Kuwerengera onse opatsidwa m'nthawi yake, imfa zobwera ndi kuvulala m'mutuko zinali 18.5 peresenti poyerekeza ndi 19.8, kusiyana kochepa kumene pakokha kukanatha kukhala mwayi chabe. Phindu linaonekera mwa a GCS 9 mpaka 15, kumene imfa zinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu; mwa ovulala kwambiri silinaoneke. Mankhwalawa amaletsa magazi oundana kusungunuka, ndiye amathandiza amene akukhabe magazi m'mutu, osati amene ubongo wake wafinyika kale. Kuundana kwa magazi m'mitsempha ina sikunaonjezeke. Maganizo anga ndi akuti umboniwu si wamphamvu monga ena amaukometsera, komabe mankhwala otchipa ndi osaopsa chotere ayenera kubayidwa pachipatala choyamba, osati kudikira ambulansi ikafike ku chipatala chachikulu maola atatu atatha.

Madzi a diripi nawo ali ndi kafukufuku wake. M'kafukufuku wa SAFE, mwa ovulala m'mutu 460, olandira diripi ya albumin (puloteni ya m'magazi) anamwalira 33.2 peresenti pomatha zaka ziwiri, olandira saline 20.4. Madzi osungunuka kuposa magazi amalowa muubongo n'kuutupitsa, choncho botolo loyenera ndi saline wa 0.9 peresenti. Dextrose 5 peresenti, amene ndi madzi a shuga, asapachikidwe pokhapokha shuga watsika. BP yapamwamba ikatsika pansi pa 90, ngakhale kamodzi kokha, mwayi womwalira umawirikiza pafupifupi kawiri. Malangizo a 2016 amafuna 110 kapena kuposa kwa a zaka 15 mpaka 49. Wovulala m'mutu amene BP yake yatsika, funani kumene akukha magazi: m'mimba, m'chifuwa, m'chiuno, m'ntchafu.

Cholakwika chofala china chili m'manja mwa wofinya ambu bag, thumba lopopera mpweya m'mapapo a wodwala. Mantha amafulumizitsa dzanja, mpweya wa carbon dioxide umatsika, mitsempha ya muubongo imafinyika, magazi n'kuchepa. Kwa wamkulu, kufinya pafupifupi ka 10 pa mphindi n'kokwanira.

Kwa ife a kuno, kumene ovulala pa kabaza amadzaza mawodi ndipo kachipangizo koyezera ICP n'kosowa, kafukufuku wofunika kumuwerenga modekha ndi BEST-TRIP ya 2012. Randall Chesnut ndi anzake anagawa odwala 324 ku Bolivia ndi Ecuador: ena ankathandizidwa potsata kachipangizoko, ena potsata kupima kwa manja ndi sikani ya CT. Pa miyezi isanu ndi umodzi imfa zinali 39 ndi 41 peresenti, kusiyana kosanunkha kanthu. Koma taonani kuti opanda kachipangizowo anali mu ICU, akupimidwa pafupipafupi, sikani ikubwerezedwa, ndipo analandira mankhwala ophwetsa ubongo masiku ochuluka kuposa anzawo. Chimene chinalowa m'malo mwa makina ndi nesi wokhala ndi tochi, wolemba GCS ndi ana a maso pa tchati ola lililonse. GCS ikatsika ndi 2, kapena mwana wa diso limodzi akakula n'kusiya kuyankha kuwala, dokotala aitanidwe nthawi yomweyo.

Podikira fiyeta, mutu wa bedi ukwezedwe madigiri 30, khosi likhale lowongoka, kolala isathine mitsempha ya m'khosi. Mannitol, mankhwala ophwetsa ubongo, ndi 0.25 mpaka 1 g pa kilogalamu. Munthu wa makilogalamu 70 pa mlingo wa 0.5 amalandira 35 g, amene ndi 175 ml ya botolo la 20 peresenti. Yang'anani botololo powala, chifukwa kukazizira mumapanga timiyala. Mannitol amakodzetsa kwambiri, ndiye katheta ilowe ndipo madzi otayikawo abwezedwe, apo ayi BP igwa n'kuononga chimene mumateteza. Amangogula nthawi, magazi oundana sawachotsa.

Phenytoin, mankhwala oletsa khunyu, anayesedwa mu 1990 ndi Nancy Temkin ndi anzake ku Seattle: kugwidwa khunyu m'sabata yoyamba kunatsika kuchoka pa 14.2 kufika pa 3.6 peresenti, koma khunyu lobwera mochedwa sanaliletse. Choncho amaperekedwa masiku 7 basi, ngati wodwala sanagwidwepo. Mlingo woyamba ndi 15 mpaka 20 mg pa kilogalamu, mu saline osati dextrose, osathamanga kuposa 50 mg pa mphindi poopa kugwetsa BP ndi kusokoneza mtima.

Nkhani imene ikugwedezeka panopa ndi yoika magazi. Kwa zaka zambiri ma ICU ankadikira Hb, muyeso wa kuchuluka kwa magazi m'thupi, itsike pa 7. Mu 2024 TRAIN, ya odwala oposa 800 ovulala ubongo m'njira zosiyanasiyana, inapeza ochira moipa 62.6 peresenti mwa oikidwa magazi pa 9, ndi 72.6 mwa odikira 7. HEMOTION, ya ovulala m'mutu 742, inayerekeza 10 ndi 7 n'kupeza 68.4 ndi 73.5, kusiyana kumene sikunafike pa muyeso wotsimikizira. Zonse ziwiri zikuloza mbali imodzi, ndipo chipatala chimene mapainti ake a magazi ndi owerengeka chiyenera kuganiza amene ayambe kulandira pakati pa wovulala ubongo wa Hb 8 ndi wodwala wina wa Hb yomweyo.