Masabata atatu ogonera konko: mmene mwana wanga anakalowera ku maphunziro opanga filimu

Mwana wanga wachisamba anandipeza ndi nkhaniyi mwezi wa Okutobala, ndikuvula nsapato pakhomo nditangoweruka ku ntchito ya usiku. Anali ndi zaka 16, ali giredi 11 kuno ku South Bend, m'boma la Indiana ku America. Anati, "Amayi, tchuthi chachikulu chikubwerachi ndikufuna ndikaphunzire kupanga filimu, kogonera konko." Ndinamuuza kuti Juni ali kutali, andilole ndiyambe ndagona. Iye anayankha kuti mafomu ambiri amatseka mu Januwale kapena Febuluwale, ndipo amene akufuna thandizo la ndalama amayenera kufulumira kuposa anzawo. Tulo tinabalalika.

Kwa inu amene muli kumudzi, sukulu za kuno zimatsekera kumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni n'kudzatsegulira mu Ogasiti. M'nyengo imeneyi makoleji amatsegula mahositelo awo kwa ana a sekondale, n'kumawaphunzitsa luso limodzi kuyambira m'mawa mpaka usiku. Mtsikana wangayu chidwi cha filimu chinamugwira mu 2019, titaonera pa Netflix nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu. Filimu itatha sanadzuke. Anadikira mayina onse aja mpaka otsiriza, n'kundifunsa kuti anthu ochuluka chonchi amagwira ntchito yanji. Ndinalibe yankho.

Anali atalemba kale malo anayi papepala. Interlochen, kumpoto kwa Michigan pafupi ndi Traverse City, komwe ana akhala akusonkhana m'chilimwe kuyambira 1928 ndipo amagona m'tinyumba tamatabwa pakati pa nyanja ziwiri. Northwestern ku Evanston, pafupi ndi Chicago, yomwe maphunziro ake a ana a sekondale anayamba mu 1931. Tisch, sukulu ya zaluso ya New York University, masabata anayi mkatikati mwa mzinda, pamtengo wopitirira madola 10,000. Ndi ina ya boma la California yotchedwa CSSSA, yomwe imatchipira ana okhala m'bomalo. Pansi penipeni anawonjezerapo koleji ina yaing'ono ya m'boma loyandikana nafe, ya masabata atatu. Kumeneko n'kumene anadzapita.

Bambo ake anakana poyamba. Mwana wamkazi akagone kwa eni masabata atatu, kukachita zamakanema? Sindinalimbane nawo, chifukwa nanenso nkhawa inalipo. Ndinatenga foni n'kuimbira ofesi ya kolejiyo, iwo ali pompo akumva. Ndinafunsa kuti usiku m'hositelo mumagona akuluakulu angati, chitseko amatseka nthawi yanji, anyamata ndi atsikana amawalekanitsa bwanji, mwana angatuluke kumpanda ndi chilolezo cha ndani, nanga akadwala usiku amamutengera kuti. Mtsikanayo anandinong'oneza funso lake: kamera imodzi amagawana ana angati, ndipo kodi aliyense amagwirako ntchito zonse? Mayi amene anatiyankha sanathamange. Titadula foni, bambo ake anangoti, "Alembe kaye, tione." Ndikukulangizani kuti muziimba ndithu, chifukwa maphunziro ena amangokhala a masana, pogona n'kudzionera nokha, ndipo zimenezi sizioneka msanga pa intaneti.

Fomu inkafuna zinthu zinayi: zotsatira za kusukulu, kalata ya umboni yochokera kwa mphunzitsi, nkhani yaifupi yofotokoza chifukwa chimene akufunira malowo, ndi filimu yake yosapitirira mphindi zisanu. Zitatu zoyambazo sizinavute, kungoti mphunzitsi anamupempha mu Novembala kuti akhale ndi nthawi. Filimuyo ndi imene inatidyera masabata.

Kamera tinalibe, anagwiritsa ntchito foni yake ataigoneka chopingasa. Anasankha kujambula Lamlungu lathu wamba: ine ndikuphika nsima, foni ina itatsamira chitini cha ufa, amayi anga akuyankhula pa WhatsApp kuchokera ku Ntcheu. Ulendo woyamba zithunzi zinatuluka bwino koma mawu ayi. Firiji inkalira pansi pa chilichonse, ife sitinkaimva chifukwa tinaizolowera. Lamlungu lotsatira anaizimitsa n'kuika makiyi a galimoto m'kati mwake, akuti ndi mmene amachitira ojambula kuti asachoke osaiyatsanso. Tsiku limenelo agogo ake, osauzidwa ndi munthu, anayamba kudandaula za mtengo wa feteleza, mvula itayamba kale. Ine ndinasiya kuvundula, mthiko uli m'manja, ndikuwerengera mumtima za malipiro a sabata imeneyo. Mwanayo sanazimitse kamera.

Anadula ndi kulumikiza zithunzizo pa DaVinci Resolve, pulogalamu imene ili ndi mtundu wake waulere, pa kompyuta ya ku laibulale chifukwa yathu inkangoima. Kenako panafunika mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi. Chichewa amamva koma sachidziwa mozama, ndiye tinakhala patebulo usiku utatu, iye akuimitsa filimu, ine ndikumasulira. Pamene agogo ake ananena kuti "mwana wa mnzako ngwako yemwe", tinakangana pafupifupi ola lathunthu. Ndinazengereza kuti anthu achilendo aone nkhope yanga pa nthawi ija ya feteleza. Anandifunsa mwaulemu ngati achotse. Nditaoneranso kachiwiri ndinamuuza kuti asiye. Tinaimbiranso agogo ake kupempha chilolezo, iwo anavomera, anangofunsa ngati duku lawo linakhala bwino.

Tsopano za ndalama, zomwe ndikufuna mumvetsetse, inu a kwathu amene muli kunja kuno. Fomu yopempha thandizo, imene amaitcha financial aid, ndi yapadera, ndipo imatumizidwa pamodzi ndi fomu yaikulu ija, osadikira kuti mwana atengedwe kaye. Imafuna pepala la msonkho la 1040 ndi mapepala a malipiro a W-2 ochokera kuntchito, n'kufunsa kuti pakhomo muli anthu angati. Ndinalemba kuti anayi, ndipo n'zoona. Koma malipiro athu amadyetsanso amayi ku Ntcheu, amalipira fizi ya ana awiri a malemu mchemwali wanga, amagula feteleza uja. Pafomu panalibe mzere wa zimenezo.

Kalata yomutenga inafika mu Malichi, itachotsa pafupifupi theka la mtengo. Tinasangalala tsiku limodzi, mawa lake n'kuona kuti theka lotsalalo silikwanikabe. Ndinkachita manyazi kupemphanso, poti anthu atithandiza kale. Mnzanga wina wa kutchalitchi, amene ana ake anadutsa m'makoleji, anandidzudzula. Anati, "Asisi, lembani. Akakana mudzakhala pomwe mulipa." Ndinalemba tsamba limodzi, mopanda kulira. Ndinathokoza, ndinatchula amene timawathandiza kumudzi, ndinaphatikiza malisiti otumizira ndalama a chaka chonse, n'kunena ndalama yeniyeni imene tingakwanitse. Patatha masabata awiri anawonjezera thandizo. Sindikunena kuti kulikonse adzavomera, koma anthu a m'maofesi amenewa sangadziwe za mitolo yathu ngati sitiwauza. Dipoziti inali ndi tsiku lake lomaliza, ndiye ndinapempha amayi anzanga a chipereganyu kuti andisunthire mwezi wanga kutsogolo. Zotsalazo tinalipira pang'onopang'ono mpaka Juni, ine ndikuwonjezera mashifiti, mtsikanayo akugwira ganyu Loweruka lililonse.

Mafomu a chipatala musawasiye mpaka kumapeto. Ankafuna kuti dokotala amuyeze, khadi la inshuwalansi, ndi mndandanda wa katemera yense. Mwanayu anabadwira ku Malawi, anabwera kuno ali ndi zaka zinayi, choncho kabuku kake ka kusikelo kanagwira ntchito, kong'ambika m'mbali momwemo. Panalinso funso la TB kwa obadwira kunja. Ana a kwathu amabayidwa BCG akangobadwa, chipsera chija cha paphewa, ndipo katemera ameneyu amatha kuchititsa kuti kuyeza kwa pakhungu kuonetse ngati munthu ali ndi kachilombo pamene alibe. Kuyeza magazi sikusokonezeka ndi BCG. Ndinamuuziratu dokotala, anatenga magazi, nkhani inathera pomwepo.

Polongedza ndinakumbuka masiku anga a ku boarding. Ndinakazinga mtedza wodzaza botolo kuti ukhale kamba wake. Iye anandionetsa pepala la malamulo: mtedza saloledwa m'hositelo chifukwa ana ena ukangowakhudza amabanika. Unatsala kunyumba. Zimene zinapita ndi nsalu za pabedi za Twin XL, chifukwa mabedi a m'makoleji ndi aataliko, fani yaing'ono, nsapato zotseka kuphazi zovala pojambula, hard drive yosungira ntchito yake, ndi chitenje changa chimodzi. Tsitsi tinaluka kutatsala masiku awiri kuti lisamutayitse nthawi.

Tinakamusiya Lamlungu. Lachinayi usiku anaimba mawu ali pansi. Aliyense analemba nkhani yake, gulu n'kusankha zoti zijambulidwe, ndipo yake sinasankhidwe. M'malo mwake anamupatsa boom, ndodo yaitali ija yokhala ndi maikolofoni kunsonga, kuti aziigwira m'mwamba osaonekera pachithunzi. Mikono inkamuwawa. Mtima wanga unafuna kuyatsa galimoto, koma ndinamufunsa ngati wadya, n'kumuuza kuti aimbenso Lamlungu.

Lamlungu anali munthu wina. Anandifotokozera za call sheet, pepala limene limatuluka madzulo kunena kuti mawa aliyense afike kuti, nthawi yanji. Anati tsamba limodzi la nkhani limakhala pafupifupi mphindi imodzi ya filimu, koma iwo anatha masiku awiri athunthu kujambula masamba anayi. Anati akamaliza pamalo, onse amakhala chete kwa theka la mphindi kuti ajambule kulira kwa chipindacho, amati room tone, ndipo amene amalamula kuti anthu atonthole ndi iyeyo. Sabata yachiwiri anasinthana ntchito, anagwirako kamera, anatsogolerako ochita sewero. Pa filimu yotsiriza anapempha yekha kubwerera ku mawu.

Tsiku lomaliza makolo tinaitanidwa kukaonera. Mafilimu anali aafupi, ena osamveka bwino, ana akuombera m'manja chilichonse. Yawo itatha bambo ake anandigwira dzanja kuti ndisadzuke, tinadikira mayina. Dzina lake linatuluka pansi pa mawu akuti sound, litalembedwa bwinobwino, ndi la agogo ake aamuna lomwe. Anatulutsa foni n'kujambula.

Disembala uno tikupita ku Ntcheu. Wasunga ndalama za ganyu n'kugula kachipangizo kojambulira mawu, akufuna akatenge nthano za agogo ake. Watumiza kale uthenga kwa amalume ake kufunsa kuti chigayo cha pafupi ndi nyumba chija chimazima nthawi yanji.