Kiyi wa nyumba ndi funso la namwino

Chigawo chino cha maphunziro anga a zolembalemba ndakhala ndikuwerenga nkhani zopeka zofotokoza moyo wa amuna okondana ndi amuna anzawo mu London wa zaka za m'ma 1950 ndi mu New York wa zaka za m'ma 1980. Poyamba ndinkaziwerenga ngati nkhani wamba za chikondi, ndikusakasaka pamene awiri akumana, pamene ayambana ndi pamene abwererana. Zinkandizunguza mutu kuona alembi akuthera masamba ambiri pa zinthu zooneka zazing'ono, monga munthu amene akusunga kiyi wa nyumba, dzina lolembedwa pa pangano la lendi, kapena kalata imene ikutenthedwa ikangowerengedwa.

Maso anga anatseguka nditaika kaye nkhanizo pambali n'kuyamba kuwerenga za malamulo a nthawiyo. Ku England, lamulo la mu 1885 linkalanga mchitidwe uliwonse wogonana pakati pa amuna, ngakhale m'chipinda chotseka, ndipo ndi lamulo limeneli limene linatumiza mlembi wotchuka Oscar Wilde kundende mu 1895 kukagwira ukaidi wa kalavulagaga kwa zaka ziwiri. Katswiri wa masamu Alan Turing anapezeka wolakwa pa lamulo lomweli mu 1952. Lipoti la Wolfenden la mu 1957, lolembedwa ndi komiti imene boma la Britain linakhazikitsa kuti iunike nkhaniyi, linapempha kuti zisinthe, koma panadutsa zaka khumi kuti lamulo la mu 1967 lichotse chilangocho kwa amuna a zaka 21 kapena kuposerapo, ndipo zinali ku England ndi Wales kokha. Munthu akadziwa zimenezi amamvetsa chifukwa chimene ampangankhani amalankhulira mokuluwika, amaopera kalata, ndiponso amanjenjemera akakumana ndi munthu woopseza kuti aulula chinsinsi akapanda kupatsidwa ndalama. E. M. Forster analemba Maurice, buku lonena za chikondi cha amuna awiri, mu 1913 ndi 1914, koma bukulo linatuluka mu 1971, iye atamwalira kale, ndipo kuchedwa kumeneku kukundiuza zambiri za nthawiyo monga momwe nkhaniyo ikundiuzira.

Chimene chandigwira mtima kwambiri, komabe, ndi nkhani ya abale odzisankhira. Tinakula tikumva kuti chibale ndi fupa, sichiola, ndipo ine ndimaukhulupirira mwambiwu. Koma nkhanizi zimandifunsa funso lovuta: nanga munthu amene a kwawo amutsekera chitseko, fupa lake akalipeza kuti? M'nkhanizi muli mwamuna wachikulire amene amalandira mnyamata wothamangitsidwa kwawo, n'kumupatsa mpando wogonapo, kumupezera ntchito ndi kumulangiza malo oyenera kupewa. Muli mkazi woyandikana naye nyumba amene amadziwa zonse koma saulula kanthu. Zimenezi sizongopeka chabe, pakuti ku Harlem, dera la mu New York, kunali magulu otchedwa nyumba, okhala ndi mtsogoleri amene ankamutcha mayi, ndipo achinyamata opanda kolowera ankatenga dzina la nyumbayo ngati dzina la banja lawo.

Edzi itafika, ubale umenewu unayesedwa zolimba. Matendawa analengezedwa koyamba ku America mu June 1981, ndipo mu 1982 bungwe la Gay Men's Health Crisis linakhazikitsidwa mu New York, n'kumatumiza anthu odzipereka kukaphikira odwala, kuwasambitsa ndi kuwaperekeza kuchipatala. Koma pamaso pa lamulo, munthu amene anadwazika mnzake miyezi yambiri analibe dzina lililonse. Mlandu wa Miguel Braschi ndi umene unandiphunzitsa kuwerenga kiyi uja. Iye anakhala ndi Leslie Blanchard zaka zoposa khumi m'nyumba ya lendi ku Manhattan mu New York, ndipo Blanchard atamwalira mu 1986, eni nyumba anafuna kumutulutsa chifukwa dzina lake silinali pa pangano ndiponso sanali wachibale. Mu 1989 khoti lalikulu la boma la New York linagamula kuti, pa lamulo la lendi limenelo, banja liyenera kuonedwa potengera kutalika kwa nthawi imene anthu akhala limodzi, kudalirana kwawo pa chuma ndi pa ntchito za tsiku ndi tsiku, osati magazi kapena chikalata cha ukwati chokha. Oweruza anayang'ana zinthu zomwezo zimene alembi a nkhani zopeka ankayang'ana, zimene ine ndinkazidumpha.

Aphunzitsi athu anatipatsa ntchito yolemba chithunzithunzi chimodzi cha nthawi imeneyo. Poyamba ndinalemba mwamuna ataimirira m'chipatala akukalipa, akulengeza chikondi chake pamaso pa onse. Aphunzitsiwo anandibwezera pepalalo atalemba m'mbali kuti ndamupatsa munthuyo pakamwa pa masiku ano, ndipo anali kunena zoona, chifukwa ndinafuna kuti alankhule zimene ine ndikanakonda kumva. Ndinaona kuti kumulemekeza ndi kumusiya akhale m'nthawi yake, ndi mantha ake, popanda kumuchepetsa kukhala womvetsa chisoni basi.

Ndinalembanso. Tsopano ndi mu 1986, usiku, ndipo mwamunayo wanyamula chikwama momwe muli zovala zogonera zochapa bwino, msuwachi ndi magalasi owerengera a mnzake. Namwino akumufunsa kuti, "Kodi ndinu wachibale?" Iye akukhala chete kamphindi, dzanja lili m'thumba momwe muli makiyi awiri ofanana, kenako akuyankha kuti ndi mnzake wokhala naye nyumba imodzi. Namwinoyo akuyang'ana chikwamacho, akuyang'ananso khonde lopanda munthu, n'kulemba pa fomu kuti mchimwene wake, ndipo akumulozera chitseko chachitatu kumanzere.