Kabotolo ka labala kandigonetsa tulo

Abale, lero ndadzuka khosi lili myaa, mapewa opepuka, mpaka ana adabwa kuti amayi akuimba m'mawa. Zonsezi ndi kabotolo ka labala kothiramo madzi otentha kamene ndinakapeza dzulo m'kashopu kena pa Dedza boma, katapachikidwa pakona pafupi ndi maambulera, fumbi lokhalokha. Mwini shopu anachita kukapukuta ndi malaya ake.

Mukudziwa mmene June amalumira kuno, mphepo ikamatsika m'phiri muja. Munthu waweruka wotopa, mutu uli ndi za fizi ndi ngongole ya banki m'khonde, ukagona thupi limangokhala lokungika. Ndiye ndinathira madzi otentha, osati owira chifukwa amaononga labala ndipo angakuwotche. Osadzazanso mpaka kukamwa. Ndinafinya pang'ono kuti mpweya utuluke, kutseka zolimba, kukulunga m'chitenje chakale, n'kukaika kumsana kenako kumapazi. Kutenthako kumamasula minofu pang'onopang'ono, umachita kumva mapewa akutsika okha. Pambali panali kapu ya Chombe wothira jinja, foni ili kutali.

Chimene chimandinyansa n'choti ife amayi tikagula kanthu kotisangalatsa tokha timakabisa pansi pa chikwama ngati taba. Mbatata za ku Bembeke timanyamula thumba lathunthu osadandaula, koma kabotolo kokha mpaka kufunsa mtengo kawiri. Ayi ndithu, ndalama imeneyi sindikuimvera chisoni. Bambo a kunyumba, amene anaseka ndikamagula, ayamba kale kufunsa ngati kanatsalako kena.